Foloko ya mpweya ikamapweteka manja: yankho kwa wowerenga wa ku Zomba

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira funso pa imelo. Iye anagula njinga yakaunjika yoyendera m'mapiri, yokhala ndi foloko ya RockShox yogwira ntchito ndi mpweya, yomwe imatsika mamilimita 120. Okonza njinga pamsika anaipopa ndi pampu ya matayala, ndipo kuyambira tsiku limenelo manja akumamupweteka akamatsetsereka m'njira za miyala za pa phiri la Zomba. Akufuna kudziwa kuchuluka kwa mpweya woyenera, komanso ngati kupaka girizi pa timipope tiwiri tonyezimira ta folokoyo kungaifewetse.

Achimwene, palibe nambala imodzi ya mpweya imene ingayenere munthu aliyense, chifukwa zonse zimatengera kulemera kwa wokwerayo ndi kayendetsedwe kake. Mafoloko ambiri amakhala ndi kapepala komatidwa kumbuyo kwa mwendo, kosonyeza ma psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya) molingana ndi makilogalamu a wokwera, koma manambala amenewo ndi poyambira chabe. Choyenera kuyeza kwenikweni ndi sag, kutanthauza mlingo umene foloko imatsika munthu akangokwera njinga isanayambe kuyenda.

Musanayese chilichonse, pezani pampu yake, yotchedwa pampu ya mashoko. Vavu ya foloko, yomwe ili pamwamba pa mwendo wakumanzere, imafanana ndi ya tayala la galimoto, ndipo n'chifukwa chake anthu amangolumikizapo pampu iliyonse. Koma chipinda cha mpweya m'kati mwa foloko n'chaching'ono kwambiri, moti kupopa kamodzi ndi pampu ya matayala kumakweza mphamvu ya mpweya mopitirira, ndipo pochotsa pampuyo mpweya wina umathawa osadziwika kuchuluka kwake. Pampu ya mashoko imalowetsa mpweya pang'onopang'ono, geji yake nthawi zambiri imafika 300 psi, ndipo ili ndi kabatani kotulutsira mpweya mochepa. Mukamaichotsa mudzamva kaphokoso ka mpweya, koma musade nkhawa, chifukwa umenewo ndi wotsalira m'paipi ya pampu. Mukailumikizanso geji idzaonetsa nambala yotsikirapo popeza mpweya wina wadzaza paipiyo, ndipo ambiri amaganiza molakwa kuti foloko ikudontha.

Poyeza sag, valani zimene mumavala paulendo, kuphatikizapo chikwama ndi madzi akumwa, ndipo tsegulani kotheratu kachitsulo kabuluu kapamwamba pa mwendo wakumanja, kamene kamalimbitsa foloko. Mnzanu agwire handulo, inu muimirire pamapedulo monga mumachitira potsetsereka, mugwedeze foloko kangapo, kenaka mukhale chete. Mnzanuyo atsitse kamphira kozungulira kamene kali pa kampope konyezimira mpaka kakhudze mphira wotchinga fumbi umene uli pomwe kampopeko kamalowera m'mwendo wam'munsi, ndiyeno mutsike modekha osakankhanso handulo. Mtunda wochokera pa mphira wotchinga fumbi kufika pomwe kamphirako kaima ndiwo sag yanu. Poyambira pabwino ndi 15 mpaka 20 peresenti, ndipo pa foloko yanu ya mamilimita 120 ndiye kuti mamilimita 18 mpaka 24. Ndikukhulupirira kuti mupeza wochepa kwambiri kuposa pamenepa, ndipo n'chifukwa chake mwala uliwonse ukufika m'manja mwanu.

Pali chinthu china chimene okonza njinga ambiri sachidziwa, ngakhale kuti ndi akatswiri pa masipoko ndi tcheni. M'kati mwa mwendo wa mpweya muli zipinda ziwiri, chachikulu chokankhira foloko m'mwamba ndi chaching'ono chokokera pansi kuti foloko iyambe kutsika mosavuta. Ziwirizi zimagawana mpweya kudzera pa kadzenje kakang'ono ka m'khoma la kampope, ndipo zimenezi zimachitika pokhapokha foloko ikatsika pang'ono. Choncho mukawonjezera kapena kuchotsa mpweya, chitani pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse muzikankha foloko kangapo musanayezenso. Mukapopa wambiri nthawi imodzi, chipinda chaching'onocho chimatsalira ndipo foloko imalimba ngati mtengo.

Sag ikakhala bwino, sinthani rebound, liwiro limene foloko imabwerera ikatsika. Kachitsulo kake n'kofiira, kali pansi pa mwendo wakumanja, ndipo pa RockShox pamajambulidwa kamba mbali imodzi ndi nyama yonga kalulu mbali inayo. Kankhani handulo mwamphamvu n'kusiya mwadzidzidzi: ngati tayala lakutsogolo ladumpha kuchoka pansi, potozerani kwa kamba, koma musapitirire, chifukwa foloko yobwerera mochedwa imakanika kudzuka pakati pa miyala yotsatizana ndipo imapwetekanso manja.

Za girizi, yankho ndi lakuti ayi. Girizi kapena oyilo wa injini akapakidwa kunja amagwira fumbi la m'chilimwe, ndipo fumbilo likalowa pansi pa mphira limakanda chitsulo chonyezimiracho mpaka mpweya ndi oyilo kuyamba kudontha, pomwe kukonza kwake kumadula kwambiri. Chofunika n'kupukuta timipopeto ndi kansalu kofewa mukangofika kunyumba, ndiponso kupewa kuthira madzi amphamvu a kotsukira galimoto molunjika pa mphira. Oyilo wofewetsa foloko amakhala m'kati mwa miyendo yam'munsi, ndipo kutembenuza njinga chadodolido kwa mphindi zingapo kumathandiza kuti afike pa timasiponji ta pansi pa mphira.

RockShox imalangiza kutsegula miyendo yam'munsi ndi kusintha oyilo pakatha maola 50 oyenda, ndi kukonza foloko yonse pa maola 100 kapena 200 malinga ndi mtundu wake, pomwe Fox, kampani ina yopanga mafoloko, imanena maola 125 kapena kamodzi pachaka. Popeza njinga yanu ndi yakaunjika, ingoganizani kuti zimenezi sizinachitikepo, ndipo yambani ndi miyendo yam'munsi pogwiritsa ntchito oyilo wa mafoloko amene buku la mtundu wanuwo likutchula. Aliyense amene adzaitsegule ayambe watulutsa mpweya wonse pa vavu, chifukwa chitsekero chomasulidwa mpweya udakali m'kati chimatuluka mwamphamvu ndipo chikhoza kuvulaza nkhope.