Nsomba imodzi yayera, ina yachita mawanga akuda: kodi ndithire mankhwala?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaweta nsomba za goldfish m'kadziwe ka kuseri kwa nyumba yawo. Ndaifupikitsako, koma mfundo zake ndi izi:

"Ndili ndi nsomba 6, ndakhala nazo zaka 3. Imodzi inali ya olenji thupi lonse, koma kwa miyezi ingapo yakhala ikuyera kuyambira kumimba, moti pano olenji watsala pamutu pokha. Ina yachita mawanga akuda pamsana ndi kunsonga kwa zipsepse, ndipo awa ayamba posachedwa. Milungu itatu yapitayo ndinakhuthula madzi onse, ndinakwecha dziwe, fyuluta ndinaitsuka pampopi mpaka kuyera, ndiye sindikumvetsa kuti matenda achokera kuti. Pokhuthulapo ndinapezanso tinsomba takuda timene sindinagule. Ndagula botolo la mankhwala. Ndithire?"

Mayi, botololo musalitsegule kaye. Pa zinthu zitatu mwatchulazi, ziwiri si matenda n'komwe. Chachitatucho gwero lake ndikuliona m'kalata yanu yomweyi, pamene mwanena kuti fyuluta munaitsuka mpaka kuyera. Tifikapo.

Tiyambe ndi tinsomba takudato, poti nkhani yake ndi yosangalatsa: mwakhala agogo. Amenewo ndi ana a nsomba zanu zomwezo. Goldfish siyamba moyo ili ya golide. Imaswedwa yotuwa moderako, mtundu umene umaibisa kwa mbalame komanso kwa makolo ake omwe, pakuti goldfish zimadya mazira ndi ana awo osaphethira. Ana ambiri amasintha chaka choyamba chisanathe. Amayamba ada bii, kenako olenji amatulukira kumimba n'kumakwera pang'onopang'ono, kudako n'kutsalira pamsana mpaka kutheratu. Ena amachedwa zaka 2 kapena 3, ena amakalamba osasintha. Mtundu woderawo ndi wa makolo awo akutchire, nsomba zotuwa za m'gulu la carp, zimene anthu a ku China anayamba kusankhamo zofiirira n'kumaziweta padera zaka zoposa 1,000 zapitazo. Olenji timamusirirayu ndi ntchito ya manja a anthu, n'chifukwa chake sakhazikika.

Khungu la goldfish lili ndi maselo a utoto amitundu ingapo: ena akuda, ena achikasu, ena ofiira, ndi ena onyezimira ngati kalilole. Chimene maso athu amaona ndi kusakanikirana kwa maselo amenewa. Akuda ndi amene sachedwa kutha, makamaka m'madzi ofunda, moti anthu ambiri amagula goldfish ya mtundu wa black moor, yakuda bii, chaka n'kutha ili ya olenji, iwo n'kumati anawapusitsa pogulitsa. Ofiira ndi achikasu nawonso amatha kuzimirira, ndipo akatero chimatsala ndi kuyera konyezimira kuja mukukuona pa nsomba yanu yoyamba.

Kuyera kotereku kumayenda mwakachetechete, kwa miyezi, ndipo nthawi zambiri ndi kwachibadwa. Mamba amakhala osalala, nsomba imadya, imathamangitsana ndi zinzake, ilibe nazo ntchito. Goldfish yotchedwa Tish ya ku England, imene inafa mu 1999 ili ndi zaka 43, inali itasiya kalekale kukhala ya olenji, inali ya siliva. Ndiye kuyera pakokha si chizindikiro cha imfa. Chakudya ndi dzuwa zimathandizako ndithu. Nsomba siitha kupanga yokha utoto wofiira ndi wachikasu, imautenga m'zakudya monga ndere, ndipo n'chifukwa chake nsomba za m'dziwe la panja zimawala kuposa za m'galasi la m'nyumba. Koma musawononge ndalama pa chakudya cholonjeza kubwezeretsa mtundu. Chimakoleza utoto pamene maselo ake alipo. Pamene anatha, anatha. Nsomba yanuyo muizolowere ndi chipewa chake cha olenjicho, ena amachita kufunafuna zoterozo.

Tsopano ya mawanga akuda ija, imene yandichititsa kulemba zonsezi.

Nsomba yaikulu ya olenji ikayamba kuda mwadzidzidzi, ngati munthu waipaka mwaye kunsonga kwa zipsepse, kawirikawiri ndiye kuti khungu lake linapsa kapena kuvulala, ndipo likupola. Maselo akuda amasonkhana pamene pali bala. Kudako kumaoneka patapita masiku angapo kapena milungu iwiri chivulalireni, n'chifukwa chake mwini dziwe sagwirizanitsa zinthu ziwirizi. Nsomba ikhoza kuvulala pogwidwa ndi ukonde kapena pokhala m'ndowa yothina tsiku lokwecha lija, koma chimene chimawotcha khungu kwambiri m'dziwe ndi amoniya.

Amoniya amachokera m'thupi la nsomba momwemo, makamaka kudzera m'makha, muja imapumira, komanso m'ndowe ndi chakudya chotsala chikamawola. Goldfish ndi nsomba zadyera, ndiye zimatulutsa wambiri. M'dziwe lokhazikika muli mabakiteriya abwino amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, amene sapweteka msanga ndipo zomera zimamugwiritsa ntchito ngati feteleza. Mabakiteriyawa sakhala oyandama m'madzi. Amamatirira pa siponji ya fyuluta, pamiyala ndi m'makoma a dziwe, m'kanthu koterera kofiirira kaja kamene ife timati ndi litsiro. Inu munakakwecha konse tsiku limodzi, otsalawo n'kuwamaliza ndi klorini wa m'madzi a pampopi. Madzi anayera mbee, maso anu anakhutira, koma nsomba zinabwerera m'dziwe lopanda wochotsa zinyalala. Kuti mabakiteriyawo abwererenso mokwanira pamatenga milungu 4 mpaka 6, nthawi zina kuposerapo madzi akakhala ozizira. Sindikukudzudzulani ayi. Inenso ndinachitapo zomwezi chaka changa choyamba, ndipo ndinanyadira ukhondo wanga kwa masiku khumi athunthu.

Choncho chofunika kugula ndi zipangizo zopimira madzi, makamaka zija zodontheza timadzi m'kabotolo, zimene zimanena zoona kuposa timapepala toviika. Amoniya azikhala 0. Nitrite azikhala 0. Nitrate asapitirire mamiligalamu 40 pa lita. Pimaninso pH, muyeso wa asidi m'madzi, chifukwa amoniya yemweyo amaluma kwambiri pH ikakwera kupitirira 8 komanso madzi akafunda. Musanamizidwe ndi mawanga akudawo kuti poti khungu likupola ndiye kuti vuto latha. Pa milungu itatu, nthawi zambiri amoniya amakhala akutsika koma nitrite ali pachimake, ndipo nitrite ndi woipa mwa njira yake: amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, makha n'kusanduka oderako m'malo mofiira psuu, nsomba n'kumapuma wefuwefu pamwamba pa madzi ngakhale pampu ikugwira bwinobwino.

Mukapeza amoniya kapena nitrite m'madzimo, chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, muikemo atsopano amene mwawathira mankhwala ochotsa klorini, ndipo asasiyane kwambiri kutentha ndi a m'dziwemo. Bwerezani tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku mpaka manambala atsike. Chakudya chepetsani kwambiri, ngakhale kuzimana masiku awiri, goldfish ya m'dziwe siifa ndi njala ya masiku awiri. Pampu isazime usiku, poti mpweya m'madzi umachepa kwambiri mbandakucha. Ngati vuto ndi nitrite, mchere wamba wopanda zosakaniza, galamu 1 pa lita iliyonse, umateteza magazi a nsomba. Kumbukirani kuti mchere suuluka ndi nthunzi, umachoka pokhapokha mukasintha madzi, ndipo zomera zina za m'madzi sizigwirizana nawo. Fyuluta muisiye kaye. Ikadzatsekeka, mudzangofinya siponjiyo m'ndowa ya madzi a m'dziwe momwemo, ibwerere ikadali yofiirira. Mawangawo adzazimirira okha pakatha milungu kapena miyezi ingapo.

Pali kuda kwina kosiyana ndi uku: timadontho ting'onoting'ono totukuka ngati njere, tobwera ndi tinyongolotsi timene timazungulira pakati pa mbalame, nkhono za m'madzi ndi nsomba. Zimene mwafotokozazi sizikufanana nato.

Nanga matenda enieni mungawadziwe bwanji? Ine ndimadzifunsa funso limodzi ndikaima m'mbali mwa dziwe: kodi chimene ndikuonachi chili m'khungu, kapena chakhala pamwamba pa khungu? Mtundu wosintha mwachibadwa umakhala wosalala, ngati nsomba inabadwa choncho. Matenda amakhala ndi thupi. Timadontho toyera ngati mwawaza mchere pathupi ndi pazipsepse ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis, ndipo kameneka kamafalikira msanga n'kupha. Koma samalani apa, chifukwa nsomba zazimuna nyengo yoswana zimatuluka timadontho toyera pa zivindikiro za makha ndi kutsogolo kwa zipsepse za pachifuwa pokha, tondandalikana bwino. Amenewo si matenda, ndi unyamata, ndipo poti kwanuko kwabadwa ana, timadonthoto mudzationa ndithu. Kanthu koyera ngati thonje ndi nkhungu yomera pabala. Khungu lotuwa mbuu ngati lapakidwa phala, nsomba ikudzikhula pamiyala, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Mizere yofiira ngati magazi m'zipsepse imaloza madzi oipa kapena mabakiteriya m'magazi. Zilonda zofiira zonyekeka, kapena thupi lotupa mamba atanyankhalala n'kuimirira, pamenepo ndiye zafika poipa, nsombayo muipatule ndipo mufunefune dokotala wa ziweto wodziwa za nsomba.

Kuposa mtundu, yang'anani khalidwe. Nsomba yodwala imapinda zipsepse kuzimata pathupi, imadzipatula, imakhala phee pansi kapena pamene pakugwera madzi, chakudya imachilavula kapena osachiyang'ana n'komwe. M'kalata yanu simunatchule chilichonse chotere, ndipo ndikhulupirira kuti munthu watcheru ngati inu mukanachiona.

N'chifukwa chake ndikukaniza botololo. Mankhwala ambiri a m'dziwe amapha mabakiteriya abwino aja pamene angoyamba kumene kubwerera, ena amachepetsa mpweya m'madzi, ndipo nsomba imene makha ake apsa kale ndi amoniya ndi imene imayamba kugonja. Ngakhale matenda enieni atabwera, mankhwala a tizilombo sachiza zilonda za mabakiteriya, ndiye pamafunika kudziwa kaye chimene mukulimbana nacho. Dokotala amapala kachinyezi ka pakhungu n'kukaona pa maikulosikopu, ntchito ya mphindi zochepa.

Jambulani nsomba ziwirizo ndi foni kamodzi pa sabata, nthawi imodzimodzi ya tsiku, popeza maso oona chinthu tsiku ndi tsiku sazindikira ngati banga likukula kapena likuchepa. Mukapima madzi munditumizire manambalawo, pamodzi ndi kukula kwa dziwelo m'malita komanso chiwerengero cha zidzukulu zija. Pano n'tating'ono, koma goldfish ya m'dziwe imatha kufika masentimita 25 kapena 30, ndipo tiyenera kuwerengetsa ngati fyuluta yanuyo idzakwanitse banja lonselo.