Kodi kompyuta yocheza ndi ophunzira ingawachongere mayeso?

Mphunzitsi wina wa kusekondale wandilembera imelo kufunsa ngati mapulogalamu a pakompyuta omwe amacheza ndi munthu m'mawu wamba angathe kuphunzitsa ana ake ndi kuwayesa pokonzekera MSCE. Aphunzitsi, pa kuphunzitsa angakuthandizeni ndithu, koma pa kupereka malikisi musawasiye okha.

Ntchito imeneyi sinayambe ndi ChatGPT, pulogalamu yocheza ndi anthu yomwe inatuluka mu 2022. Kale mu 1970, Jaime Carbonell anapanga SCHOLAR, pulogalamu yomwe inkafunsa ophunzira za mayiko a ku South America, iwonso nkumaifunsa. Koma imene ikuonetsa bwino kagwiridwe ka ntchito kake ndi AutoTutor, yomwe Arthur Graesser ndi anzake anakonza pa yunivesite ya Memphis kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Limodzi mwa mafunso ake a fizikisi linali lakuti, munthu wothamanga pa liwiro losasintha akaponya dzungu m'mwamba, dzungulo lidzagwera pati? Ana ambiri amati ligwera kumbuyo. Kompyutayo sifulumira kuwauza kuti ligwera m'manja mwa wothamangayo. Imayamba yawapempha kuti afotokoze zambiri, kenaka nkuwakumbutsa pang'ono za liwiro lomwe dzungulo linali nalo kale lisanachoke m'manja, ndipo imaulula yankho pokhapokha mwana akalephereratu. Imatha kutero chifukwa oikonza anailemberatu mfundo zoyenera kutchulidwa pamodzi ndi maganizo olakwika omwe ana amakonda kukhala nawo. Ubwino wake uli pamenepa: mwana amakakamizika kulankhula, chinthu chomwe m'kalasi yodzaza sichichitika kawirikawiri.

Kuchonga ndi nkhani ina. AutoTutor inkayerekeza mawu a mwana ndi mawu a yankho loyembekezeka, choncho chiganizo chakuti liwiro limasintha ndi chakuti liwiro silisintha zinkaoneka zoyandikana kwambiri, pomwe china n'cholondola china n'cholakwika. Mapulogalamu a masiku ano amamva bwino kuposa pamenepo, komabe amatha kunena bodza mosakayika n'komwe, kuvomereza mwana amene waumirira cholakwika, kapenanso kupereka malikisi osiyana pa yankho limodzimodzi. Ana anu akamalemba m'Chichewa vutoli limakula, popeza mapulogalamuwa anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka za Chingerezi koma zochepa za chilankhulo chathu.

Mukafuna kuyesera, iuzeni pulogalamuyo kuti izingofunsa mafunso osapereka mayankho, ndipo mwana akamaliza, muwerenge nokha zomwe akambiranazo musanalembe malikisi m'buku lanu.