Kwa achemwali ofunsa za wilo ya bambo awo

Achemwali, mwati bambo anu anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, ali ndi nyumba pa Chitakale ku Mulanje komanso munda kumudzi kwa mayi anu, koma mukangotchula za wilo amakalipa kuti mukuwaitanira imfa. Funso lanu landigwira mtima chifukwa kwathu ku Thyolo zinationekera.

Bambo anga anali mkamwini. Tsiku lomwe anatisiya, adzukulu anali atayamba kale kukumba manda kwa mayi pamene abale awo anafika pa lole kudzatenga thupi. Maliro anagona masiku awiri anthu akukangana pasiwa. Patangotha sabata anabweranso, natenga njinga ndi makina osokera, mpaka kuzula malata pakhitchini. Mayi anangokhala pakhonde, chitenje kumutu, osalankhula kanthu. Sikuti onsewo anali anthu oipa mtima. Bambo sananenepo chilichonse ali moyo, ndiye aliyense ankawalankhulira zake.

N'chifukwa chake ndikuti musayambe ndi za chuma. Munthu wamkulu akamva mwana akufunsa za nyumba amaona ngati akuwerengeredwa masiku. Dikirani tsiku lomwe mwachokera limodzi kumaliro a munthu wina, mtima uli wofewa, muwafunse kuti, "Bambo, Mulungu akadzakuitanani mukufuna mukagone kuti, kuno kapena kwanu?" Ambiri funso limeneli amayankha, chifukwa amaliganizira kale usiku. Likatero funsaninso kuti matenda akadzakula akufuna kukhala kuchipatala kapena pakhomo, ndipo adzawalankhulire ndani iwo akadzalephera. Za chuma zimabwera zokha pambuyo.

Ndipo musachite nokha. Pakhale mayi, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, makamaka mwini mbumba wa kwawo kwa bambo. Amene akanadzavuta mawa amve yekha lero kuchokera pakamwa pa mwiniwake.

Wiloyo si ya olemera okha, ndipo sikuti mpaka loya. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limafuna kuti ikhale yolembedwa, mwiniwake asaine ali ndi nzeru zake zonse, pamaso pa mboni ziwiri zomwe zili pomwepo nthawi imodzi, nazonso zisaine. Mbonizo zisakhale anthu amene akulandirapo kanthu, choncho inu ndi mayi musasaine. Pezani abusa kapena aphunzitsi. Lamulo lomweli limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, komanso ngati palibe wilo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi amene ankadalira malemuyo. Koma kutsata zimenezi maliro atachitika kale kumadya nthawi ndi ndalama zoyendera, pomwe malata apita kale.

Samalani pa munda. Nyumba ya pa Chitakale, ngati puloti anagula okha ndipo mapepala alipo, ailembe. Munda wa kwa mayi anu ndi wa mbumba ya mayi, bambo sangaugawe mu wilo. Kuno malo anachepa, mbali yaikulu ili pansi pa tiyi, ndipo milandu yambiri kwa amfumu imayambira pamalire a mizere iwiri yokha. Yendani nawo malirewo amalume anu ndi anyakwawa alipo.

Funsaninso ngati kupenshoni kwatsala ndalama, ndipo pa fomu ya olandira analemba ndani, chifukwa ena analemba asanakwatire. Alembenso za kubanki, za pa Airtel Money kapena Mpamba, masheya a banki m'khonde, ndi ngongole zomwe, zawo ndi za amene anawakongoza.

Pepalalo lisangokhala m'sutikesi pansi pa bedi. Namondwe wa Freddy mu 2023 anakokolola nyumba ndi zonse zam'kati konkuno ku Mulanje. Mukhoza kukasungitsa wilo kwa DC ku boma, kubanki kapena kwa loya, ndipo anthu awiri okhulupirika adziwe komwe ili. Akakana ulendo woyamba musawakakamize, papite mwezi, kenako mutume ankhoswe akayambitsenso.