Masamba 12 okha, koma fayilo ndi ya 38 MB

Funso: Ndalemba lipoti la masamba 12 pa Microsoft Word, koma fayilo yake yafika 38 MB ndipo Gmail ikukana kuitumiza. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Pepani kwambiri, zimenezi zimasowetsa mtendere, makamaka tsiku lopereka lipoti likayandikira. Malire a Gmail ndi 25 MB. Mawu paokha salemera, masamba 12 a mawu okhaokha safika ndi 1 MB yomwe. Ine ndikukayikira zithunzi.

Fayilo ya Word ya mtundu wa .docx, womwe unabwera ndi Word 2007, kwenikweni ndi phukusi la zip. Ikopereni, kopeyo muisinthe dzina kuti lithere ndi .zip, muitsegule, mulowe mu foda ya word, kenako media. Zithunzi zonse zili m'menemo, chilichonse ndi kukula kwake. Mu fayilo yanga ina ndinapezamo chithunzi cha pa foni cha 6 MB, chomwe pa tsamba chinkaoneka kakang'ono ngati chidindo. Kukoka ngodya kuti chithunzi chichepe sikuchotsa kulemera kwake, ndipo mbali zomwe mwadula zimangobisika, zimakhala zikadali mkati.

Sungani kaye kope lina, chifukwa zithunzi zikapanikizidwa sizibwereranso mwakale. Kenako dinani chithunzi, pitani pa Picture Format, musankhe Compress Pictures. Chotsani chongi pa "Apply only to this picture", chongani "Delete cropped areas of pictures", musankhe 150 ppi (mlingo wa kaonekedwe ka chithunzi).

Fayilo ikapanda kupepuka, onani pa File, Options, Save. Ngati "Embed fonts in the file" ndi yochongedwa, chotsani chongicho, musungenso fayiloyo.