Mafunso ndi Mayankho: Kodi Sojourner Truth Anali Ndani?

FUNSO: Akonzi, pa mwambo wokumbukira tsiku la amayi pa 8 Malichi kuno ku Lilongwe, mmodzi mwa olankhula anatchula mayi wina wa ku America dzina lake Sojourner Truth, nati ndi amene anafunsa kuti, "Kodi ine sindine mkazi?" Mawuwa anatikhudza kwambiri ife amayi a Mvano, moti tikufuna kukawakambirana pa msonkhano wathu. Koma mwana wanga wa kusekondale akuti aphunzitsi ake anawauza kuti mayiyu sananene mawu amenewa. Kodi zoona zake ndi ziti, nanga mayiyu anali ndani? Mayi wa ku Kawale, Lilongwe.

YANKHO: Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha funso lanu. Mwana wanu ali ndi mfundo, ndipo tifika pamenepo, koma ndi bwino muyambe mwawadziwa mayiwo.

Iwo anabadwira mu ukapolo cha m'ma 1797 m'dera la Ulster m'chigawo cha New York, ndipo dzina lawo linali Isabella Baumfree. Chilankhulo chawo choyamba chinali Chidatchi, chimene ankalankhula eni munda amene makolo awo ankawagwirira ukapolo. Ali ndi zaka pafupifupi 9 anagulitsidwa pamodzi ndi nkhosa pa mtengo wa madola 100 kwa John Neely, amene ankawamenya kawirikawiri chifukwa chosamva Chingerezi. Ife a kuno, amene timamva za anthu amene Jumbe ankawaolotsa nyanja ku Nkhotakota kuwapititsa ku Kilwa, tikudziwa kuti kuika mwana wa munthu pa mtengo umodzi ndi ziweto si nkhani ya m'nthano.

Mu 1810 anagulidwa ndi John Dumont. Lamulo la New York linanena kuti ukapolo udzatha pa 4 Julaye 1827, ndipo Dumont anawalonjeza kuti adzawamasula kutatsala chaka chimodzi, koma nthawi itakwana anasintha mawu ponamizira kuti ntchito yawo inachepa atavulala dzanja. Chakumapeto kwa 1826 anatenga khanda lawo, Sophia, n'kuchoka, ndipo analandiridwa ndi banja la Isaac ndi Maria Van Wagenen.

Chimene chinatsatira ndi chimene ine ndimachiona kukhala mtima wa mbiri yawo yonse. Mwana wawo wamwamuna, Peter, wa zaka pafupifupi zisanu, anagulitsidwa n'kutumizidwa kutali ku Alabama, kummwera kwa dzikolo kumene ukapolo unali usanaganiziridwe n'komwe zoti udzatha, ngakhale kuti lamulo la New York linkaletsa kugulitsa kapolo kunja kwa chigawocho. Taganizani mayi wakuda, wosadziwa kulemba ndi kuwerenga, wopanda ndalama, wongochoka kumene mu ukapolo, akupita kubwalo la milandu kukasumira mzungu. Anthu ambiri akanangolira n'kusiyira Mulungu, ndipo sitikanawanena. Iwo anakakamira mpaka mu 1828 khoti linalamula kuti mwanayo abwezedwe kwa amayi ake, ndipo anakhala mmodzi mwa akazi akuda oyambirira ku America kupambana mlandu wotsutsana ndi mzungu. Peter anabwera ali ndi zipsera za zikwapu.

Pa 1 Juni 1843 anadzitcha dzina latsopano, Sojourner Truth, lotanthauza mlendo wongodutsa ndiponso choonadi, chifukwa anakhulupirira kuti Mulungu wawatuma kuyendayenda kukalalikira. Ku Northampton m'chigawo cha Massachusetts anadziwana ndi anthu otsutsa ukapolo monga William Lloyd Garrison ndi Frederick Douglass, ndipo mu 1850 mbiri ya moyo wawo inasindikizidwa atailongosola pakamwa kwa Olive Gilbert.

Tsopano za mawu aja. Mu Meyi 1851 analankhuladi pa msonkhano wa ufulu wa amayi ku Akron m'chigawo cha Ohio. Patapita milungu yochepa, Marius Robinson, amene analipo pamsonkhanopo ndipo anali mnzawo, anasindikiza zimene iwo ananena m'nyuzipepala ya Anti-Slavery Bugle, ndipo funso lakuti "Kodi ine sindine mkazi?" mulibemo. Funsoli linatulukira mu 1863, patapita zaka 12, m'zolemba za Frances Gage, amene anali wapampando wa msonkhanowo. Gage anawalankhulitsa mayiwa Chingerezi cha akapolo a kummwera, pomwe iwo anakulira kumpoto ndi Chidatchi, ndipo anawapatsanso ana 13 pamene ana awo odziwika anali asanu. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a mbiri yakale amakhulupirira kwambiri zimene analemba Robinson, ndipo aphunzitsi a mwana wanu sanalakwitse.

Koma musakhumudwe, chifukwa zimene zili m'zolemba za Robinson n'zamphamvu zedi. Mayiwa anauza msonkhano kuti analima, kukolola ndi kudula nkhuni, ndipo anafunsa ngati pali mwamuna amene angachite zoposa pamenepo. Poyankha amene ankati tchimo linabwera ndi mkazi, anati ngati mkazi ndiye anagudubuza dziko, apatsidwe mpata woti aliimikenso bwino. Anakumbutsanso kuti Yesu anabwera kudzera mwa Mulungu ndi mkazi, nafunsa amuna kuti mbali yawo inali pati. Mayi aliyense amene amakhala kumunda kuchokera m'mamawa, kenako n'kukauzidwa pabwalo kuti nkhani za malo ndi za amuna, angawamve bwino mawu amenewa.

Mu 1864, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, anakumana ndi Pulezidenti Abraham Lincoln ku Washington, kumene anagwiranso ntchito yothandiza anthu omasulidwa mu ukapolo. Mu 1867 anachenjeza kuti ngati amuna akuda apatsidwa ufulu wawo koma akazi akuda n'kusiyidwa, amunawo adzakhala ambuye a akaziwo, ndipo mu 1872 anapita kukaponya voti ku Battle Creek m'chigawo cha Michigan, kumene ankakhala, koma anabwezedwa. Anamwalira konko pa 26 Novembala 1883, kutatsala zaka 37 kuti malamulo a dziko la America alole akazi kuvota mu 1920. Mu 2009 chiboliboli chawo chinaikidwa kunyumba ya malamulo ku Washington.

Pa msonkhano wanu wa Mvano, ndikupempha kuti muyambire pa mlandu wa Peter, kenako mufotokoze mawu a ku Akron monga anawalembera Robinson, ndipo mungamupemphe mwana wanuyo kuti akakuthandizeni kulongosola kusiyana kwa zolemba ziwirizo.