Bilu ya mfuti imafera mu komiti

Achimwene, mwati nyumba ya malamulo ya m'chigawo chimene mukukhala ku America ikufuna kuletsa mitundu ina ya mfuti ndi magazini otenga zipolopolo zambiri, ndipo inu ndi anzanu a ku kalabu yowombera mukufunsa chimene chimathandizadi pakati pa kuguba, kusainitsa anthu ndi kupita kukhoti. Ngati muli ochepa ndipo thumba ndi lopepuka, mphamvu zanu zithereni pa komiti. Mabilu ambiri safika n'komwe povoteredwa ndi nyumba yonse. Amafera m'kachipinda ka aphungu 10 kapena 15, ndipo mwa amenewo, oti mungawatembenuze maganizo amakhala atatu kapena anayi basi.

Musanachite kanthu, yang'anani mapepala anu, chifukwa pagulu pano tili osiyanasiyana. Kuvota pa zisankho za dziko ndi za chigawo n'kwa nzika zokha, ndipo wovota asali nzika akhoza kubwezedwa kumudzi. Kupereka ndalama kwa wandale amene akupikisana n'kololedwa kwa nzika ndi kwa amene ali ndi green card. Wa visa ya sukulu kapena ya ntchito asayerekeze. Wa visa yotereyi saloledwanso kusunga mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi chiphaso chosakira nyama. Kulembera phungu ndi kulankhula pamsonkhano wa komiti, zimenezo aliyense angathe.

Zimene zinachitika ku Virginia n'zofunika kuziphunzira bwino. Mu November 2019 chipani cha Democratic chinatenga nyumba zonse ziwiri, ndipo bwanamkubwa Ralph Northam anali wawo. Eni mfuti, motsogozedwa kwambiri ndi bungwe la Virginia Citizens Defense League, anayambira ku misonkhano ya makhonsolo. Ankadzaza maholo mpaka ena kuima panja, ndipo ma county (maboma a m'chigawo) oposa 90 mwa 95 anavomereza mfundo yoti iwo ndi malo otetezera Second Amendment, ndime ya malamulo aakulu a America yonena za ufulu wokhala ndi mfuti. Loya wamkulu wa chigawocho, Mark Herring, ananena poyera kuti mfundozo zilibe mphamvu ya lamulo, ndipo sananame. Phindu lake linali pena: seneta aliyense anaona ndi maso ake kuchuluka kwa ovota a kwawo amene analolera kusiya mgonero n'kukakhala pamsonkhano. Pa 20 January 2020 anthu pafupifupi 22,000 anasonkhana ku Richmond popanda ndewu. Mwezi wotsatira bilu ya HB 961 yoletsa mfuti zotchedwa assault weapons, yomwe inali itadutsa kale m'nyumba ya m'munsi, inaimitsidwa mu komiti ya Senate ndi mavoti 10 kwa 5, chifukwa maseneta anayi a Democratic anavota limodzi ndi a Republican. Chikhamu chonse chija ntchito yake inathera pa anthu anayi amenewo.

Dziwaninso kuti chaka chomwecho mabilu ena anadutsa ndithu: kufufuza mbiri ya wogula pa malonda onse a mfuti, kugula pisitoli imodzi yokha pamwezi, ndi lamulo la red flag lomwe limalola khoti kulanda kwakanthawi mfuti za munthu amene akuoneka woopsa. Choncho sankhani bilu imodzi kapena ziwiri zoti mulimbane nazo mpaka kumapeto. Amene amakana chilichonse ndi mawu ofanana, aphungu apakati amasiya kumumvera.

Tsopano ntchito yake. Pezani nambala ya bilu pa webusayiti ya nyumba ya malamulo, mulembetse kuti muzilandira uthenga ikasuntha. Nthawi ndi yochepa: ku Virginia nyumba imayamba mu January n'kukhala masiku 60 chaka china, pafupifupi 45 chaka chinacho; ku Texas imakumana kamodzi pa zaka ziwiri, masiku 140. Tsiku lomvera maganizo a anthu nthawi zina limalengezedwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndiye wodikira kumva pa TV amapeza zitatha. Werengani bilu yonse, makamaka ndime ya matanthauzo. M'menemo ndi m'mene mumabisala zoluma: mfuti ikulowa m'chiletso chifukwa cha chogwirira kapena chotsamira chopindika, amene anagula kale akuloledwa kusunga kapena ayi, chilango chake ndi cha mlandu waung'ono kapena wa felony umene umalanda munthu ufulu wa mfuti mpaka kalekale.

Kenako lembani mayina a mamembala a komiti muwagawe patatu: anu kale, otsutsa osatembenuka, ndi apakati. Apakati mumawadziwa poona mmene anavotera mabilu a mfuti zaka zapitazo, kusiyana kwa mavoti pamene anapambana, komanso ngati dera lawo lili ndi alenje ndi alimi ambiri. Kwa aliyense wapakati funani anthu a m'dera lake lenilenilo. Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya. Wa mu ofesi ya phungu akalandira foni amayamba wafunsa adiresi, ndipo mukakhala wa dera lina, uthenga wanu sauwerengera. Maimelo 1,000 ofanana mawu amawaona ngati ntchito ya bungwe limodzi. Mafoni 30 a anthu a m'deralo, aliyense ndi mawu ake, amafika m'khutu la bwana tsiku lomwelo. Foniyo isapitirire mphindi imodzi: dzina, tauni, nambala ya bilu, pempho loti avote ayi, ndi chifukwa chimodzi. Choposa foni n'kupita anthu atatu kapena anayi ku ofesi yake ya kudera nyumba isanatsegulidwe, ndi pepala limodzi lokha. Mukakumana ndi womuthandiza m'malo mwa mwiniwake musanyansidwe, poti ndi iyeyo amene amawerenga mabilu.

Pamsonkhano wa komiti aliyense amapatsidwa mphindi imodzi, ziwiri, zikachuluka zitatu. Mukabwera anthu 20 onse n'kuwerenga mawu a Second Amendment, mwataya mwayi 19. Gawanani mfundo. Wina aonetse ndime imene ingasandutse mlenje wosalakwa kukhala chigawenga. Wina afunse kuti apolisi adzazitolera bwanji ndipo ndalama zake zichokera kuti. Mayi wogwira ntchito usiku, mphunzitsi wa kawomberedwe, mkulu wa apolisi wa county ngati wavomera, amenewa ayambe. Munthu wakuda wochokera kunja akaimirira n'kulankhula modekha, aphungu amadzutsa mitu chifukwa chithunzi chimene anali nacho cha mwini mfuti chasokonekera. M'chipindamo mudzakhalanso makolo amene anaika ana awo m'manda chifukwa cha mfuti. Alemekezeni ndi mtima wonse, musawang'ung'udze kapena kuwatsutsa pa chisoni chawo. Inu mukutsutsa ndime za bilu, osati maliro awo.

Nkhani yonyamula mfuti pa zionetsero tiinene mosabisa, chifukwa yawonongetsa zambiri. Mu May 1967 a Black Panther, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, analowa m'nyumba ya malamulo ya California ku Sacramento atanyamula mfuti, potsutsa bilu ya Mulford yoletsa kuyenda pagulu ndi mfuti yokhala ndi zipolopolo. Biluyo inadutsa msanga ndipo bwanamkubwa Ronald Reagan anaisainira. Mu 2014 anthu ena ku Texas ankalowa m'malo odyera ndi mfuti zazitali paphewa, zotsatira zake kampani ya malo odyera ya Chipotle inapempha makasitomala kuti asamabwere ndi mfuti. Ku Richmond kuja kunatha bwino chifukwa cha mwambo wa okonza, koma chithunzi chimodzi choipa chikanakwanira kuchotsa pothawira pa maseneta anayi aja. Ikani anthu osungitsa bata, letsani zikwangwani zotukwana, ndipo amene walemba mawu oopseza phungu pa Facebook mumutulutse m'gulu tsiku lomwelo. Kuopseza ndi mlandu, ndiponso phungu woopsezedwa sangavotenso nanu, kuopa kuoneka wamantha.

Phungu wapakati adzakufunsani kuti, nanga inu mukuti tichite chiyani? Mukapanda yankho mwamutaya. Imfa zoposa theka za mfuti ku America n'za anthu odzipha okha. Pamenepa eni mfuti ali ndi zochita zenizeni: kuphunzitsa ogulitsa kuzindikira kasitomala wosweka mtima, monga anayambira ku New Hampshire, kugawa maloko a mfuti, kuchotsa msonkho pa masefa osungiramo mfuti, kulola munthu kusungitsa mfuti yake kusitolo pamene mutu sukuyenda bwino. Zimenezi zimapulumutsa miyoyo, komanso zimam'patsa phunguyo chonena akabwerera kwawo. Chenjerani ndi zosintha za mphindi yomaliza. Akachotsa ndime imodzi yowawa, monga kulola amene ali nazo kale kusunga, ena mwa anthu anu amakhala pansi ndipo bilu imadutsa. Gwirizanani pasadakhale zimene mungavomere ndi zimene simungavomere, wolankhula akhale mmodzi.

Bilu ikadutsa, chotsatira ndi chisankho. Ku Colorado mu 2013 anakhazikitsa malire a zipolopolo 15 pa magazini. Mu September chaka chomwecho ovota anachotsa maseneta awiri nthawi yawo isanathe, John Morse yemwe anali mtsogoleri wa Senate ndi Angela Giron, ndipo wachitatu, Evie Hudak, anatula pansi udindo. Ndi mphamvu ija kwathu inali mu Section 64 ya malamulo aakulu a Malawi aphungu asanaifufute, ngakhale ku America nakonso si zigawo zonse zili nayo. Andale anachita mantha, inde, koma lamulolo silinachoke. Kupha bilu mu komiti n'kotchipa kwambiri kuposa kufufuta lamulo. Pa zisankho, za chipulula ndiye zokoma, chifukwa ovota amakhala ochepa ndipo mavoti mazana angapo amatha kusintha zinthu. Nkhani ikapita ku voti ya anthu onse musataye mtima msanga: ku Maine mu 2016 funso lofufuza mbiri pa malonda a pakati pa anthu wamba linakanidwa, ngakhale oliikira kumbuyo anali ndi ndalama zochuluka kwambiri. Ngati kalabu yanu inalembetsedwa ngati 501(c)(3), kutanthauza bungwe lachifundo kapena lamaphunziro losalipira msonkho, siloledwa kuvomereza kapena kutsutsa wopikisana aliyense, ndipo kunyengerera aphungu ingachite pang'ono chabe. Ntchito imeneyo ipite ku 501(c)(4) kapena PAC, mitundu ya mabungwe yololedwa kuchita zandale, ndipo nthawi zambiri n'kwanzeru kulowa bungwe la m'chigawo lomwe lilipo kale m'malo moyambitsa lanu.

Khoti likhale lomaliza, ndipo musathamangireko nokha. Milandu imene inapambana inakonzedwa ngati munda. Pa mlandu wa Heller wa 2008, wotsutsa lamulo la mzinda wa Washington DC loletsa mapisitoli, Robert Levy ndi maloya anzake, kuphatikizapo Alan Gura, anasankha odandaula asanu ndi mmodzi a mbiri yoyera. Khoti la apilo linapeza kuti mmodzi yekha, Dick Heller, ndiye anali woyenera kusuma, chifukwa iye anakapempha kulembetsa pisitoli n'kukanizidwa. Chikalata chokanizidwa chija n'chimene chinanyamula mlandu mpaka Khoti Lalikulu la America (Supreme Court) linagamula 5 kwa 4 kuti ufulu wokhala ndi mfuti ndi wa munthu payekha. Mu 2010 Otis McDonald, nkhalamba yakuda ya ku Chicago yofuna kudziteteza m'nyumba mwake, anachititsa kuti chigamulocho chigwirenso zigawo ndi mizinda. Mu 2022 mlandu wa Bruen unagwetsa lamulo la New York lofuna chifukwa chapadera kuti munthu ayende ndi pisitoli, ndipo unalamula kuti boma lizionetsa kuti chiletso chake chikugwirizana ndi mbiri ya malamulo a mfuti m'dzikomo. Koma mu 2024 unafika mlandu wa Zackey Rahimi, munthu amene khoti linali litamuletsa kuyandikira chibwenzi chake chakale chifukwa cha nkhanza, ndipo majaji anagamula 8 kwa 1 mokomera boma. Mlandu wa munthu wa mbiri yoipa umabala chigamulo chimene chimamanga onse.

Ndiye wina m'kalabu mwanu asaphwanye lamulo dala kuti ayese khoti. Ngati lamulo ladutsa, litsatireni, pemphani chiphaso kapena chilolezo monga likunenera, sungani kalata iliyonse yokukanizani ndi tsiku lake, ndipo muipereke kwa maloya a Second Amendment Foundation, Firearms Policy Coalition kapena bungwe la m'chigawo chanu, amene amafunafuna odandaula oyera mbiri. Milandu imeneyi imatenga zaka: wa Heller unayamba mu 2003. New York nayo itagonja pa Bruen, patangotha sabata imodzi inakhazikitsa lamulo latsopano loletsa mfuti m'malo ambirimbiri, kuphatikizapo Times Square, nkhondo n'kubwerera kunyumba ya malamulo. Tumizani pano nambala ya biluyo ndi dzina la komiti imene yapatsidwa, tithandizane kuwerenga ndime ya matanthauzo sabata ino.