Achemwali mukubwera ku nyanja ndi ana, mankhwala oti munyamule ndi awa

Achemwali, mwafunsa zoti mukubwera kuno ku Mangochi pa holide ya Khirisimasi, inuyo, bambo a kunyumba, ana awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 9, komanso apongozi anu odwala BP, nde mukufuna kudziwa mankhwala oti muike mchikwama. Ndaona ena akuyankhani kale kuti ingogulani LA ndi Amoxyl basi nkhani yatha. Ine ndimakhala konkuno chakufupi ndi Makawa, alendo ochoka ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndimawalandira pafupifupi chaka chilichonse, nde ndiloleni ndikuuzeni mmene ndimazionera, pa LA ndi Amoxyl paja sindikugwirizana nawo.

Choyamba kulowa mchikwama chikhale Thanzi ORS, mapaketi osachepera 6, ndi zinc wa ana. Ndikunena izi chifukwa chimene chimagwetsa alendo kuno kwambiri ndi kutsegula mmimba, madzi achilendo, mango odya osatsuka, kanyenya wa pamsewu amene wakhala padzuwa kuyambira mmawa, kutentha kwake mwana amatha madzi mthupi mwachangu zedi. Chaka china kunabwera mlamu wanga ndi kamwana ka zaka ziwiri, kanayamba kusanza ndi kutsegula cha mma 10 koloko usiku, magolosale onse atatseka, mchikwama mwawo munali Panado yekha ndi makapisozi. Ndikukumbuka kamwanako kali gone pa chitenje pa khonde, maso atalowa, milomo itauma gwaa, kakulira koma misozi osatuluka. Tinachita kusungunula masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, nkumakamwetsa ndi supuni pang'onopang'ono uku tikusaka wa njinga yamoto woti atifikitse kuchipatala. Kanachira, koma usiku umene uja sindifuna mnzanga wina adzauone.

Paketi imodzi ya Thanzi mumasungunula mu lita imodzi ya madzi abwino, osachepetsa madzi poganiza kuti akhale amphamvu, ndipo akagona tsiku lathunthu mutaye mupange ena. Mwana akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso. Zinc ndi kamodzi patsiku kwa masiku 10 mpaka 14 olo kutsegulako kutasiya pa tsiku lachiwiri. Mapilitsi oimitsa mmimba aja a loperamide musampatse mwana, ndipo olo akulu ngati mchimbudzi muli magazi kapena thupi latentha asamwe. Tengani ndi kabotolo ka WaterGuard ngati komwe mukafikire madzi ake simukuwadziwa bwino, mukathira mumadikira mphindi 30. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija inapha anthu oposa 1,700 mdziko muno ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene inawavuta kwambiri, ifeyo tinaiona ndi maso. Munthu akayamba kutsegula zamadzimadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, ameneyo mmwetseni Thanzi muli mnjira yopita kuchipatala, osadikira kuche.

Tsopano za malungo. Udzudzu kuno ulipo, December mvula yayamba nde usanene. Koma LA si katemera, simumwa kuti mudziteteze, ndipo si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Kuyezetsa nkosavuta, amangobaya kachala, mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka, pa boma pali chipatala chachikulu, ku Monkey Bay chiliko, pa Koche chilipo, ku Cape Maclear kulinso kiliniki. Mukampatsa mwana LA musanayezetse pamene vuto lake ndi chibayo kapena matenda ena, mwataya masiku atatu mwana akuipiraipira inu mukuganiza kuti ali pa mankhwala. Komanso dozi ya mwana imatengera kulemera kwake, si yongothyola pilitsi la akulu. Akakupezani nawo malungo adzakupatsani okha LA, mumamwa kawiri patsiku masiku atatu, kumwera mkaka kapena chakudya cha mafuta pang'ono ngati phala la nsinjiro kuti agwire bwino, ndipo mumalize onse olo mutapeza bwino tsiku lachiwiri. Fansidar musagule kuti muchizire malungo, anasiya kalekale, pano amapereka kwa amayi oyembekezera ku sikelo.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa, udzudzu ukakulumani lero malungo satuluka mawa, pamapita sabata kapena kuposa. Nde ngati mukukhala masiku 5 okha, mwina adzakupezani mutabwerera kale ku Lilongwe. Mwana akadzatentha thupi mu January musadzati nchimfine cha kusukulu, kayezetseni ndipo mukanene kuti munali ku nyanja. Chonyamula pa nkhani ya malungo ndi neti yanu, chifukwa za mmalo ogona ena zimakhala zobowoka kapena palibiretu, kachingwe ndi timisomali tomangira, ndi mafuta odzola othamangitsa udzudzu ngati Peaceful Sleep kapena Tabard a madzulo mukakhala panja.

Panado tengani, wa mapilitsi wa akulu ndi wamadzi wa mwana wamng'onoyo. Wamkulu ndi mapilitsi awiri a 500mg, patapita maola 4 mpaka 6, osapitirira 8 pa tsiku chifukwa amaononga chiwindi. Samalani ndi timankhwala ta chimfine ndi mutu ta mgolosale tija, tambiri timakhala kale ndi paracetamol mkati nde munthu amamwa kawiri osadziwa, werengani pa kapepala. Wa ana uja pogula muwauze a ku famase kulemera kwa mwana, kuli mu buku lake la kusikelo, akulembereni pa botolo pomwepo mamililita ake. Aspirin ana ayi. Brufen ndi wabwino dzino kapena msana ukavuta koma osamwa mmimba muli mbee, ndipo apongozi a BP ndi aliyense wa zilonda za mmimba amutalikire.

Za apongozizo ndiye ndikutsindika. Mankhwala awo a BP muwerenge nokha mapilitsi, okwana masiku onse a ulendo kuonjezapo sabata ina, chifukwa mvula ikagwa yambiri misewu imaduka, galimoto imafa, kapena pagwa maliro mwakhalitsa. Akulu ambiri amati ndikupeza bwino ndikamwa ndikabwerako, musalole. Chimodzimodzi wina akakhala pa ma ARV, a shuga, a khunyu kapena kopopera ka mphumu, zimenezi zikhale mkachikwama ka mmanja osati mu buti momwe mumatentha ngati uvuni. Mabuku a kuchipatala a aliyense alowe momwemo, dokotala wa kuno sakuwadziwa apongozi anu, akaona buku amadziwa poyambira.

Amoxyl, Flagyl, Bactrim, ma antibayotiki onsewa asiyeni pokhapokha ngati adokotala anakulemberani, monga Bactrim amene anzathu a ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku. Chimfine sichimva Amoxyl, ndipo kumwa makapisozi awiri lero atatu mawa nkumene kukupangitsa kuti tsiku lodwaladi mankhwalawo asagwire.

Tina nting'onoting'ono, Piriton wa ziwengo ndi kuyabwa koma amagonetsa nde oyendetsa galimoto asamwe, pulasitala, bandeji, GV wa mabala poti ana amadzicheka ndi miyala ndi zigoba mphepete mwa nyanja, magnesium wa chilungulira, sopo, ndi kachoyezera kutentha thupi. Ngati mudzere ku Dedza nkutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, makhotakhota aja ana ambiri amasanza, muwadyetse zopepuka, akhale poti akuona kutsogolo, ndi majumbo angapo pafupi. Zipewa musaiwale, dzuwa la kuno masana limawaula.

Lomaliza ndi likodzo, ana anu akaona nyanja simungawaletse kusamba. Tizilombo take timachoka mu nkhono za mmadzi nkulowa pakhungu, makamaka mmalo osaya, a bango ndi udzu, pafupi ndi pomwe anthu amachapa ndi kutsuka mbale. Ena amagula praziquantel nkumwa tsiku lonyamuka kuno, kumeneko nkutaya ndalama chifukwa mankhwalawa sapha tizilombo tikadali tating'ono, pamafunika padutse masabata 6 mpaka 8. Nde lembani pa kalendala cha mu February mukapite nonse amene munalowa mmadzi kuchipatala kwanuko mukafotokoze, dozi yake amapereka potengera kulemera kapena msinkhu. Musadikire mpaka mwana ayambe kukodza magazi, ena sazionetsa nkomwe.

Mwana akakana kuyamwa kapena kumwa chilichonse, akusanza zonse, akupuma mothamanga, wafooka osadzuka kapena wakomoka, chikwamacho chisiyeni munyamuke nthawi yomweyo olo pakati pa usiku. Nchifukwa chake mukangofika afunseni eni malo kuti chipatala chapafupi chili kuti ndipo mutenge nambala ya wa njinga yamoto kapena wa takisi mmodzi wodalirika. Mundiuze mukafikira mbali iti, kaya Nkopola, kaya Monkey Bay kapena Cape Maclear, ndikuuzeni chipatala chomwe chili pafupi nanu.